Themometa yomwe ndinakagula ku Ndola

Pali zinthu zina munthu umazichita ndi mtima woyera, koma pomaliza n'kusowa poika nkhope. Zanga zinandionekera ku Kitwe, nkhondo yaikulu itangotha, ndili kalaliki wa pamgodi.

Mwana wathu woyamba, wamkazi, anabadwa masiku asanakwane. Kuchipatala anamukulunga m'thonje n'kumugoneka m'kabokosi, mabotolo a madzi otentha uku ndi uku. Akazi anga anandinong'oneza kuti kathemometa koyezera kutentha kanali kamodzi wodi yonse, manambala ake ofufutika. Bokosi likatenthetsa mwana apsa, likazizira atisiya. Mtima wanga sunakhale m'malo.

Osafunsa munthu aliyense, Loweruka ndinakwera sitima ya ku Ndola. Ndinalowa m'sitolo ya Mmwenye wina wogulitsa chilichonse, kuyambira singano mpaka makasu. Chinyanja sankamva, Chibemba changa chinali chotsimphina, ndiye ndinatulutsa Chingerezi cha kumishoni (chomwe ndinkachinyadira kuposa jekete langa). Ndinati ndikufuna themometa yodalirika ya tiana tating'ono tosungidwa m'bokosi lofunda. Anafunsa kuti tilipo tingati. Nditati kamodzi, anadabwa, nati anzanga amayamba ndi makumi angapo. Ine mumtima ndinangoti kaya, mwina kwawo amabereka choncho.

Anandionetsa ziwiri. Kena kanali kowonda ngati ka kuchipatala komwe kaja, ndipo sindinakakhudze n'komwe. Inayo inali yaikulu, yomatidwa pachitsulo, manambala oonekera patali, pamwamba pali chithunzi cha thadzi. Thadzilo ndinaliyesa chizindikiro cha kampani. Ndinatenga yaikuluyo.

Mawa lake, potuluka kutchalitchi, ndinaipereka kwa namwino wamkulu, mayi wa ku Fort Jameson, amayi onse a m'wodi akuona (ndinachita kudikira kuti aone). Anaitembenuza uku ndi uku, n'kundiyang'ana mwaulemu.

"Zikomo bambo. Nanga mazirawo mwawasiya kuti?"

Inali ya m'makina ofungatira mazira a nkhuku. M'khwapa mwa mwana sikanalowa ngakhale mutu wokha. Amayi omwe anali atangochira kumene ankaseka atagwira pamimba, uku akubuula. Akazi anga anadzifunditsa bulangete mpaka kumutu. Mayi wina wachibemba wa pakona anandipatsa dzina pomwepo: Bashinkoko, kutanthauza bambo a nkhuku.

Ndinkafunafuna khomo pamene namwino uja anandiuza kuti ndidikire. Anaiviika m'madzi ofunda pamodzi ndi kakekaja, ndipo zinagwirizana. Anati ya thupi la mwana ndi ina, koma iyi ingathe kuonetsa kufunda kwa bokosi. Anaimangirira m'kati, patali ndi mwana, n'kuchenjeza anzake kuti kamzere kofiira kolembedwa pathemometapo ndi ka mazira, asakatsatire. Kuyambira tsikulo sankalotanso nthawi yosinthira mabotolo.

Mwana wathu ananenepa, tinapita naye kunyumba. Themometa inatsalira ana ena, ndipo ndinamva kuti inakhalitsa.

Ndinaphunzira kuti munthu uzifunsa usanakwere sitima, ngakhale akazi anga amati phunzirolo silinakhazikike. Koma dzina lija ndiye linakhazikika. Pa ukwati wa mwana yemweyo, mkulu wa mpingo poitana bambo a mkwatibwi kuti alankhule anangoti, "Bashinkoko, bwerani kutsogolo."

Ndinaimirira, n'kukonza jekete, n'kupita.