Mimba yanga pa chigayo cha a Mwakikunga

Nkhani iyi ndikaikumbuka ndimalakalaka nditasamuka ku Kaporo. Koma poti anthu ambiri analipo, bola ndiinene ndekha.

Ndine mphunzitsi wa Sitandade 7, ndipo ndili ndi mimba imene imayamba kulowa m'kalasi ine ndikadali pakhomo. Tumpale, mwana wa mchemwali wanga amene akuphunzira za labu ku koleji, atabwera ku holide anandifotokozera za ma stem cell.

"Asibweni, m'kati mwa mafupa muli maselo amene sanasankhe kuti adzakhala chiyani. Atha kukhala fupa, atha kukhala mafuta. Mukamangokhala, ambiri amapita ku mafuta. Thupi likamagwedezeka, amalandira uthenga woti akhale fupa."

Ine ndinatolapo mawu awiri okha: kugwedezeka ndi fupa. Kuthamanga sindikanayerekeza, ana a sukulu akanandiseka. Koma kuno kwathu n'chiyani chimagwedezeka kuposa chigayo cha mpunga cha a Mwakikunga?

Ndiye m'mawa uliwonse popita ku sukulu ndinkapatukira kumeneko, n'kutsamiritsa mimba pa makina. Manja atakumbatira chitsulo, maso nditatsinzina, ndikuwerenga monong'ona mpaka 300.

Patatha sabata, lamba wa makina anaduka. Mawa lake mota inapsa. Ndikufika ndinapeza amayi atakhalira matumba a mpunga, ambiri mwa iwo makolo a ana a m'kalasi mwanga. A Mwakikunga anali chilili pakhomo.

"Aphunzitsi, mumachiuza chiyani chigayo changa?"

"Sindichiuza kanthu, bambo."

"Amayi awa amakuonani. Mumachikumbatira milomo ikuyenda. Sabata imodzi yokha, chafa. Wakutumani ndani?"

Mayi wina wa duku lofiira ananena m'Chinkhonde kuti mwana wake sapondanso m'kalasi mwanga. Apo ndinachita mantha enieni. Mphunzitsi akangotchedwa mfiti kuno, ntchito yathera pomwepo.

"Ndi sayansi iyi," ndinatero. "Ndikusandutsa mafuta kuti akhale mafupa."

Zinaipiratu. Amayi awiri anaimirira, wina n'kugwira pakamwa.

"Wavomera yekha! Mafupa a ndani?"

Ndinaimbira Tumpale, ndikuika foni pa loudspeaker kuti onse amve. Ndinamulongosolera zonse.

"Asibweni, mwati chigayo?" Anaseka mpaka kutsamwa. "Zogwedezazo amayesera kwambiri pa mbewa za mu labu, ndiye ndi kugwedeza kwapang'ono, koyezedwa bwino. Komanso ine ndimanena maselo a m'mafupa. A pamimba panuwo anasankha kalekale, ndi mafuta basi, sabwerera. Ingosiyani chipisi mayai, chipisi cha mazira chija, chimene mumadya pa msika anti asakudziwa."

Ndinkangoyang'ana nsapato zanga, ngakhale kunena zoona sindinkaziona.

A Mwakikunga anatembenukira kwa amayi aja.

"Mwadzimvera nokha. Munthuyu si mfiti ayi, ndi umbuli chabe. Ana azipita ku sukulu."

Mayi wa duku lofiira uja anasenza thumba lake, n'kufunsa mofatsa m'Chichewa kuti nanenso ndimve bwinobwino.

"Kukaphunzira kwa yemweyu?"

Mwana wa ku koleji akamakufotokozerani zinthu, mufunseni mafunso musanakakumbatire chigayo cha eni.