Tsabola Amene Analengezedwa Katatu

Mwandifunsa kambirimbiri, inu ana a Dorika, kuti mwambi uja anthu a pano pa Lunzu amanong'onezana akaona bambo anu akudutsa unachokera kuti. Mayi anu sangakuuzeni, amawabisira amuna awo. Bambo anu mukawafunsa amayamba kufunafuna magalasi. Ndiye ndikuuzani ndine gogo wanu, poti dzina limene linatayika pa nkhaniyi ndi langa. Chiyambi chake chinali chotere.

Inu muli aang'ono, mayi anu anayamba kuphika tsabola wa m'mabotolo. Kaphikidwe kake ndinawaphunzitsa ndine: kambuzi wakupsa bwino, adyo, mandimu, ndi kanthu kena kamene sindilemba pano chifukwa pepala silisunga chinsinsi. Pa botolo lililonse ankamatapo kapepala kokhala ndi chithunzi cha duku lofiira ndi mawu akuti Tsabola wa Nangondo. Nangondo ndine. Poyamba ankagulitsira pakhomo, kenako anayamba kujambula mabotolowo ndi foni n'kumaika pa Fesibuku ndi pa Watsapu. Ine za mafoni sindizidziwa, koma maso ndili nawo. Ndinkaona makatoni akukwera basi, ena wa ku Lilongwe, ena mpaka ku Joni kwa anyamata aja amalira ndiwo za kwawo.

Chaka chimenecho, Seputembala akupita kumapeto, msika wina waukulu wa pa intaneti unatumiza uthenga kwa ogulitsa onse. Unati amene akufuna kuti katundu wake aziwonekera patsogolo pa nyengo ya Khirisimasi abweretse chikalata chosonyeza kuti dzina la malonda ake analilembetsa ku boma, kuopa kuti anthu awiri angamalimbirane dzina limodzi. Dorika miphika inali pamoto, sakanatha kuisiya. Anatuma amuna ake ku ofesi yolembetsa mayina a malonda m'tauni.

Bambo anu, a Lufeyo Kamtedza, ndi munthu wabwino, pamenepo sindinganame. Chaka chimene ndinathyoka mwendo anandinyamula pa njinga kupita nane kuchipatala masabata asanu ndi limodzi, osadandaula ngakhale tsiku limodzi, ndipo zoterezi ine sindiiwala. Nthawi imeneyo anali mlembi wa mpingo, amene amawerenga zolengeza Lamulungu lililonse, za maliro, za misonkhano, za maukwati. Vuto lawo ndi limodzi lokha. Chinthu chilichonse chatsopano akachimva, amachiyeza ndi muyeso wa kutchalitchi.

Zimene zinachitika ku ofesiko anandifotokozera okha pambuyo pake. Mayi wa pakauntala anawapatsa fomu.

"Mudzaze iyi, muikepo chithunzi cha chizindikiro chanu, mulipire, basi," anatero mayiyo. "Ikalowa lero, malo anu pamzere ndi a lero. Kenako ife timalengeza dzinalo n'kudikira miyezi iwiri, kuti ngati alipo wotsutsa abwere."

"Miyezi iwiri? Mayi, Khirisimasi sidikira munthu."

"Lamulo lake ndi limenelo, bambo."

"Ndiye kuti chochedwetsa n'kulengezako?"

"Eya."

"Ngati ukwati?"

Mayiyo anaseka. "Tinene choncho, ngati ukwati."

Basitu. Pamenepo bambo anu anaona ngati afika kwawo. Anapempha mafomu awiri, ina yosungira ngati yoyambayo angalakwitse, anawapinda bwinobwino n'kuwaika m'Baibulo, ulendo wa ku Lunzu nkhope ili mwee.

Anatipeza tikusenda adyo pakhonde. Ananjuta chapatali monga achitira mkamwini, chipewa chili pabondo.

"Amayi, nkhani ija ndi yaing'ono," anatero. "Iwo aja amatenga miyezi iwiri chifukwa amalengeza m'kabuku kamene palibe amawerenga. Ife kumpingo timalengeza masabata atatu okha, anthu n'kukwatirana. Ndilengeza ndekha, dziko lonse limve. Ndikabwererako ndi umboni m'manja woti wotsutsa palibe, adzadikiranso chiyani? Adzangodinda tsiku lomwelo."

"Fomu mwaisiya komweko?" anafunsa Dorika.

"Ili m'Baibulo. Fomu ndi ya pomaliza, monga kusaina m'kaundula wa ukwati."

Ine ndinasiya kusenda adyo. Ndinati, "Akamwini, kodi mbuzi mumayamba kuitamanda pamsika musanaimange chingwe?"

"Amayi, izi ndi za maofesi. Zimayenda ndi dongosolo."

Ndinabwerera ku adyo wanga. Sukulu ndinalekezera Sitandade 3, iwo anafika Fomu 4, ndiye ndinati mwina akudziwa. Pa mlandu umenewu nanenso ndili ndi gawo langa, ndipo ndimalivomera.

Lamulungu loyamba anaimirira kutsogolo ndi mapepala awo. Analengeza za msonkhano wa amayi, za ukwati wa mwana wa a Chikoko, kenako anakonza pakhosi.

"Koyamba tikulengeza dzina la Tsabola wa Nangondo. Dzinali mpaka lero palibe amene analilembetsa ku boma. Ngati alipo amene akudziwa chifukwa choti lisalembetsedwe, aonekere poyera tsopano."

Abusa anayang'ana kudenga. Kenako kumbuyo kunaimirira nkhalamba ina, a Zuze, ndodo ili m'manja.

"Ine ndikutsutsa!"

"Chifukwa chake, abambo?"

"Amawawa mopitirira. Lachinayi ndinathira supuni yonse pa usipa, ndinatsala pang'ono kuitanitsa abusa."

Anthu anaseka mpaka kwaya inalephera kuyamba nyimbo. Bambo anu sanaseke. Analemba chidandaulocho papepala, n'kuweruza kuti si chifukwa chokwanira.

Sanalekere kutchalitchi. Uthenga womwewo anautumiza m'magulu onse a pa Watsapu amene analimo, la mpingo, la makolo a kusukulu, la anthu a kwawo ku Chingale, ngakhale la mpira. Munthu wina anayankha kuti chithunzi cha duku chija sichikuoneka bwino, atumize choyera kuti aone ngati akutsutsa kapena ayi. Bambo anu anathamangira kwa amene anatijambulira chizindikirocho, n'kutumiza chenicheni chija timasindikizira timapepala ta pa mabotolo.

Sabata yachiwiri anagula kope lachikuto cholimba. Anati wotsutsa weniweni sangachokere kwina koma kwa ogulitsa tsabola anzathu, ndiye ayenera kuwafikira mmodzimmodzi kuti asaine. Anayenda, ana inu. Lunzu, Chirimba, Ndirande, mpaka Limbe, dzuwa la Okutobala lili pamutu. Nsapato zawo za kutchalitchi zinang'ambika kunsi, ankaikamo katoni. Zonsezi ankachitira mayi anu, kuti Khirisimasi iwapeze ali patsogolo. Pamene mukuseka muzikumbukiranso zimenezo.

Tsiku lina anafika kwa Mayi Kalitera, amene anapempha chithunzi choyera uja. Mayi ameneyu ndimamudziwa kuyambira ali wakhanda. Amayi ake anabwereka mtondo wanga chaka cha njala, mpaka anamwalira osabweza. Nayenso ankaphika tsabola wa m'mabotolo, koma wake ankachulutsa phwetekere, ndipo ankagula ndi alendo okha, kamodzi basi.

Anawalandira bwino, anawaikira mpando, anawapatsa thobwa lozizira.

"Ndiye mukuti dzinali silinalembetsedwe, abambo mlembi?"

"Ayi ndithu. Likudikira inuyo, mutsutse kapena muvomere."

"Koma ndiye mumachita zinthu mwachilungamo. Kodi ofesi yakeyo ili pati?"

Bambo anu anang'amba pepala m'kope muja n'kujambula mapu, posonyeza potsikira minibasi ndi pokhotera.

"Amatsegula nthawi yanji?"

"Hafu seveni. Koma muzilawirira, mzere umatalika."

"Nanga pamafunika chiyani? Mwina nanenso tsiku lina ndidzalembetse kanga."

"Mwaganiza bwino, mayi, malonda amafuna dongosolo." Anatsegula Baibulo. "Ndinatenga mafomu awiri. Tengani iyi, musakavutike."

Mayi Kalitera anasaina m'kope muja, n'kuwonjezera mawu pansi pake: Sindikutsutsa, dzinali ndi labwino zedi. Bambo anu anabwera kudzatiwerengera mawuwo madzulo ake, akuti taonani, ngakhale opikisana nafe akuyamikira.

Lamulungu lachitatu litadutsa, Lolemba anavala suti, kope m'khwapa, ulendo wa m'tauni. Anapeza mayi yemwe uja pakauntala. Anaika kopelo patebulo ngati munthu wobweretsa ng'ombe.

"Mayi, ntchito yanu ija ndakugwirirani. Ndalengeza katatu, asaina anthu oposa mazana awiri, wotsutsa palibe. Dindani."

Mayiyo anawayang'ana, anayang'ana kope, kenako analemba dzinalo pa kompyuta.

"Tsabola wa Nangondo, wa duku lofiira?"

"Yemweyo."

"Dzinali linalowa kale, bambo. Papita masiku khumi."

"Linalowa bwanji fomu ili m'Baibulo?"

"Inabwera fomu ina. Ya mayi E. Kalitera."

Bambo anu anatsegula kope, anapeza tsamba lija. "Sizingatheke. Onani apa, anasaina yekha kuti sakutsutsa!"

"Zoonadi sakutsutsa, bambo. Akulifuna."

Akuti anakhala pansi osaona ngati pali mpando, mwayi unalipo. Mayi uja anawamvera chisoni. Anawauza kuti tsopano wotsutsa akhoza kukhala iwowo, nthawi yake ndi miyezi iwiri ija ankaithawa, koma mlandu wotere umafuna maloya ndipo ukhoza kutha chaka. Kenako anatsegula tsamba loyamba la kope, pamene bambo anu analemba ndi dzanja lawo lokongola lija kuti dzinali lilibe mwini wake ku boma. Analitseka pang'onopang'ono n'kuwabwezera.

"Mukafuna kutsutsa, kope ili musamuonetse munthu."

Tsiku limenelo sanalowe m'nyumba. Anakakhala kuseri pa dimba la kambuzi, suti ili m'thupi, mpaka Dorika anawapeza konko. Atamva, mayi anu sanakalipe. Anabwerera pa mphika, anatakasa, anatakasa, misozi ikugwera m'moto. Ine ndiye ndinamanga chitenje m'chiuno kuti ndikatenge dzina langa, ndi mtondo uja ndikautengere kumodzi. Dorika anandigwira mkono pachipata.

"Amayi, khalani pansi. Watenga kapepala. Mphika sanatenge."

M'mawa mwake Dorika anapita yekha m'tauni, osauza munthu, ngakhale amuna ake. Analembetsa dzina latsopano, Tsabola wa Kachetechete, n'kubwerako isanakwane nthawi ya nkhomaliro. Koma miyezi iwiri ndi miyezi iwiri. Chikalata chake chinatuluka Khirisimasi itadutsa, ndipo chaka chimenecho pa msika uja patsogolo panakhala duku langa lofiira pa mabotolo a munthu wina. Bambo anu akanangosiya fomu tsiku loyamba lija, chikanatuluka nthawi ilipo. Makasitomala anabwerera ndithu m'miyezi yotsatira, poti lilime silinamizidwa kawiri, koma dzina la Nangondo silinabwerere mpaka lero.

Chikalata cha Mayi Kalitera chitatuluka mu Disembala, anakonza phwando lokhazikitsa malonda ake, la matenti ndi zokuzira mawu. Anatumiza kalata kumpingo yopempha mlembi kuti adzatsegule ndi pemphero, akuti poti ndi amene anamuonetsa njira. Dorika anati asapite. Bambo anu anati mlembi sakana pemphero, ngakhale kwa mdani. Nanenso ndinapita, ndinkafuna ndione dzina langa mmene likukhalira kwa eni ake atsopano.

Linali paliponse, pa nsalu, pa malaya a operekera zakudya, ngakhale pa keke. Bambo anu anapemphera pemphero lalitali, lopempha Mulungu adalitse ntchito za manja a anthu ake. Atati ameni, woyendetsa mwambo anakuwa kuti, "Tsopano Nangondo mwini wake aimirire, timuone!" Ine ndinali nditadzuka kale theka pamene ndinaona Mayi Kalitera akuimirira kutsogolo, duku lofiira lili kumutu. Ndinakhalanso pansi ngati ndimakonza chitenje.

Nyimbo zitayamba, amayi ena anawakokera bambo anu pabwalo, akuti mlendo wolemekezeka sangangokhala. Anavina, ana inu. Suti yomwe ija, nsapato za katoni zomwe zija, miyendo ikuvina koma nkhope ili pamaliro. Nyimbo itatha anabwera pamene ndinakhala, ananjuta chapatali, mbale ya mpunga ili m'manja, thukuta lili kamukamu.

"Amayi, dzina lanu ndinataya ndine. Mundikhululukire."

Ndinawayang'ana munthu wamkulu uja, ndipo mkwiyo umene ndinausunga miyezi iwiri sindinaupezenso.

"Tsabolayo mwamulawa, akamwini?"

Anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Ndi phwetekere, amayi."

Ndinaseka mpaka misozi. Ndiye poti zokuzira mawu zinali zitandigonthetsa makutu, zimene ndinkaganiza kuti ndikuwanong'oneza iwo okha ndinazinena mokweza, nyimbo itangoduka kumene, tenti yonse ikumva. Pofika Lachiwiri zinali pakamwa pa msika wonse wa Lunzu.

Ndinati, "Dzukani, bambo, zatha. Koma mudziwe lero: wolengeza ukwati asanafunsire amavina pa ukwati wa mnzake."