Sipuni ya a Ludoviko ndi Mlatho wa Njerwa

Mwa Amalawi onse amene anakhalapo ku Hyattsville, tauni ya kutsidya kwa nyanja, palibe amene sanawaonepo a Ludoviko akugogoda khoma la eni ndi sipuni. Anthu akafika pakhomo amayamba ndi odi, koma iwo ankayamba ndi njerwa. Ankasolola sipuni ya tiyi m'thumba la jekete n'kugogoda kawiri, khutu lili pakhoma. Njerwa ikalira kuti ngwe, ankamwetulira. Ikati phu, ankapukusa mutu ngati amva za maliro.

Anabwera mu 1974 ngati dalaivala wa ku ofesi ya kazembe, koma unyamata wawo wonse anathera pa uvuni, kuumba ndi kuwotcha njerwa pa mishoni ina ku Dedza. Amene ankauona mkhalidwewu kuwawa anali akazi awo, mayi Edness, chifukwa masipuni ankatha m'kabati ndipo manyazi ankagwera iwo. Pa phwando lina ku Annandale, mwini nyumba ali mkati monyadira nyumba yake yatsopano, a Ludoviko anatulukira kuseri n'kunena mwaulemu wonse kuti, "Pepani bwana, anakupusitsani. Za kumbuyoku n'zosapsa." Tsiku lina apolisi anawapeza akumvetsera khoma la banki, ndipo panapita maola awiri asanakhulupirire kuti mkuluyu sankafuna za m'katimo, ankangofuna khomalo.

Loweruka lina a Ludoviko atasochera msewu kunja kwa tauni, anapeza kamlatho kakale ka njerwa, kokhota ngati uta, pamwamba pa ngalande imene kale munkadutsa mabwato a malasha. Madzi anali ataphwa kalekale, mutangotsala achule ndi zitini. Kunsi kwa mlathowo, pa njerwa zambiri, panali zidindo za zala za munthu amene ankazinyamula zikadali zaziwisi, ndipo paliponse chala chapakati chinkasowa.

"Uyu ndi mnzanga," anawauza mayi Edness atawakokera kumeneko. "Wamanzere, ndipo chala china anaduka. Koma taonani ntchito yake, mayi."

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ankapita kukazula udzu m'ming'alu, ndipo akafika ankavula chipewa n'kuti, "Mwaswera bwanji, achimwene?" Mayi Edness ankadandaula kutchalitchi kuti amuna a anzawo amathawira kumowa, koma awo amathawira kwa munthu amene anafa agogo awo asanabadwe.

Mu 1983 pamlathopo panaikidwa chikwangwani. Kampani ina yomanga nyumba zosungiramo katundu inkafuna kuugwetsa kuti malole ake azidutsa, ndipo injiniya wake, bambo Morton, anali atalemba kuti njerwa zonse zinafumbutuka. A Ludoviko anasiya kudya. Sabata yathunthu sipuni sinatuluke m'thumba, ndipo mayi Edness, amene kwa zaka zambiri ankapempherera bata lotere, anachita mantha litabwera. Anavala chikhoti n'kupita kwa a Fryson, mnansi wawo wa ku Zambia wogwira ntchito ku banki yaikulu.

"Amai, ine siniziba va njerwa," anatero a Fryson.

"Koma Chizungu mumachidziwa. Khalani pansi mulembe."

Kalata inapita, ndipo akuluakulu a khonsolo anavomera kukamvera nkhaniyo pamlatho pomwepo. Tsikulo Amalawi ndi a ku Zambia anabwera atatchena ngati kuli ukwati. Bambo Morton anayala mapepala awo, kenaka anafunsa kanthu akumwetulira.

"Afunsa ati muli na madigiri angati," anamasulira a Fryson.

A Ludoviko anakweza sipuni. "Auzeni ndi imodzi, iyi."

Kenaka anapempha duku ya mayi Edness. Mayiwo sanavulepo duku pagulu chikwatiwire, koma tsikulo anaivula n'kuwamanga nayo amuna awo kumaso ndi manja awo. Sipuni kudzanja ili, choko kudzanja ilo, a Ludoviko anayamba kugogoda njerwa imodzi imodzi. Ngwe, ngwe, ngwe, phu, choko chonga. Dzuwa linasuntha, ana anayamba kulirira kunyumba m'Chingerezi, koma iwo osapuma. Pomaliza njerwa zochongedwa zinali makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu zokha.

Bambo Morton anatenga chobowolera chawo. Zochongedwazo zinkangoyoyoka ngati chigumu chouma. Anayesa zina khumi zosachongedwa, ndipo pa yachikhumi nsonga ya chobowolera inathyoka.

"Njerwa sinalakwe," anatero a Ludoviko akumasula duku. "Akale anamangira laimu, khoma linkapuma. Wina anadzamata simenti apa ndi apa, madzi n'kutsekeredwa m'kati. Chisanu chanu chija chikabwera, madziwo amauma gwa n'kuphulitsa njerwa."

Atatero anagwira dzanja la wapampando wa khonsoloyo, mayi wachikulire wachikuda wobadwira komweko, n'kulowetsa zala zake m'zidindo zija. Mayiyo anati m'mabuku muli maina a eni ngalande onse, koma la woumba njerwa mulibe ngakhale limodzi, ndipo iye sangasaine kuti dzanja ili likatayidwe kudzala. Bambo Morton anapinda mapepala awo n'kubwereka sipuni kuti ayeseko. Mayi Edness, mutu uli pamtunda, anaimba nthungululu imene inathawitsa mbalame zonse za m'ngalandemo.

Mlatho unalembedwa m'gulu la zinthu zakale zotetezedwa, ndipo msewu wa malole unakhotera kwina. Njerwa zolowa m'malo mwa zowonongeka a Ludoviko anaumba okha, n'kumanga kauvuni kuseri kwa mdadada wa nyumba zawo. Utsi wake unaitana magalimoto atatu ozimitsa moto, ndipo ozimitsawo anabwerera atamva phunziro la ola lathunthu la kapsedwe ka dothi. Pa njerwa iliyonse yatsopano a Ludoviko anasiyapo zala zawo, zonse zisanu.

A Ludoviko anamwalira mu 1988 ndi matenda a mtima, ndipo thupi linapita kwawo ku Dedza. Mayi Edness anabwerera ku Hyattsville kukakhala ndi mwana wawo wamkazi. Ku maphwando anthu ankatamanda nyumba zawo popanda wowatsutsa, ndipo maphwandowo sankakomanso. M'kabati masipuni ankakwana onse, ndipo n'zimene zinkawawawa mayiwo koposa.

Loweruka lina anatengapo imodzi n'kukwera basi. Kulira kwa njerwa sanakuphunzire, pa zaka zonsezo ankangokalipa, komabe anatsikira kunsi kwa mlatho n'kupeza pamene njerwa ya zala zisanu inagundana ndi ya zala zinayi. Anagogoda iyi, anagogoda iyo, ndipo zonse zinalira mofanana. Anapukuta misozi ndi nsonga ya duku.

"Mwaswera bwanji nonse awiri?" anatero.