Dzina Limene Ndinatola kwa Esau

Mpaka lero a Tembo akandiona kutchalitchi amayamba ndi kupukusa mutu, moni amabwera pambuyo. Sindiwadandaula.

A Tembo ndi mnzanga wa ku Zambia, nesi pachipatala china ku Blanchardstown, kuno kudziko la azungu kumene tonse tikukhala. Mkazi wawo atachira mwana woyamba, wamwamuna, anandipatsa ulemu womutcha dzina poti achibale onse ali kutali. Ndinasangalala mpaka kulephera kudya. Ankati ndine wophunzira za Baibulo (ndinabwera kudzaphunzira za mbatata, koma sindinawatsutse).

Vuto langa ndi chidwi. Ndime zimene anzanga amadumpha, za uje anabala uje, ine ndi zimene zimandikoma. Pa Genesis 36 ndinakumana ndi mfumu Iramu, womaliza pa mafumu a Edomu. Anali ndani? Ankalamulira anthu angati? Baibulo langotchula dzina basi. Ndinamuganizira sabata yonse m'sitima, mpaka ndinamukonda ngati m'bale wanga.

Tsiku litafika tinadzaza pabalaza pawo. Ndinanyamula khanda, n'kulengeza mokweza kuti, "Uyu ndi Iramu!"

Anthu anaomba m'manja, nthungululu zinamveka. Kenaka a Tembo anafunsa, "Ba uncle, ni dzina ya bwino. Manje uyu Iramu ni wa family ya ndani?"

"Ya Esau," ndinatero monyadira.

A Tembo anaimirira.

"Esau uja anagulitsa ukulu wake na mphodza? Ba uncle, uyu ni first born wanga!"

Thukuta linandituluka ngakhale kunja kunkazizira. Zoti mwanayo ndi woyamba ndinkazidziwa, za mphodzazo ndinkazidziwanso, koma ziwirizi zinali zisanakumanepo m'mutu mwanga. Ndinayamba kulalikira: kuti Esau sanasankhidwe koma Mulungu anampatsabe dziko, kuti adzukulu ake analembedwa mayina mmodzimmodzi, kuti ngakhale ife okhala kutali ndi kwathu sitiiwalika. (Mfundo yomalizayi inandikhudza ndekha, misozi inalengeza.) A Tembo sanagwedezeke.

Amene anandipulumutsa ndi mayi a mwana. "Iramuyo anachita chiyani?"

"Sizinalembedwe, mlamu."

"Choipa chilichonse?"

"Palibenso."

"Ndiye ali bwino kuposa Davide. Dzina likhale."

Dzina linakhaladi, ndipo kwa zaka zingapo ndinkayenda chifuwa patsogolo. Iramu anakula wonenepa, wansangala, womva Chichewa koma woyankha m'Chingerezi.

Mwezi watha foni inalira. Anali a Tembo, mawu ali ozizira.

"Ba uncle, bwelani mutenge muntu wanu."

Mnyamatayo anali atapereka njinga yake yatsopano kwa mwana wa neba, posinthana ndi paketi ya tchipisi. Atafunsidwa chifukwa, anangoti anali ndi njala.

Njinga tinakaitenga, ine ndi amene ndinakagogoda. Pobwerera ndinafunsa a Tembo ngati tchipisicho chinali chotentha, poti ndinkafunadi kudziwa. Mlamu ndi woyembekezeranso, koma za dzina sanandiuze kanthu.