Chitseko cha Dausi

Anyamata inu, phunziro la m'mawa mwalijombanso? Mwandikwana! Tulani mafosholowo, mafoni m'thumba, ndikuuzeni kumene unachokera mwambi umene ndimakutopetsani nawo uja.

Chiyambi chake chili motere. Pa kampani ina ya zomangamanga panali kapitawo, a Chimphonda, amene sankakonda kudzaza anthu mitu ndi zambiri nthawi imodzi. M'mawa uliwonse, simenti isanakandidwe, ankasonkhanitsa antchito n'kuwaonetsa kanthu kamodzi basi: lero kukoka chingwe, mawa kuimika ngodya. Tiyi asanazizire, phunziro latha. Amene ankatola tizidutswa timeneti anasanduka amisiri enieni, makoma awo ali chilili mpaka lero.

Ndiye panali Dausi. Ha, Dausi! Iyeyu anamva phunziro limodzi lokha, tsiku limene a Chimphonda anati, "Njerwa zizilumana, osasiya mpata." M'mawa mwake a Chimphonda atati, "Lero tione malo amene timasiyapo mpata," Dausi anali kuseri kwa mulu wa mchenga, mandasi ali kukamwa.

"Dausi, tabwera kuno!"

"Ndadziwa kale, bwana. Kumanga n'kusanja njerwa basi."

Tsiku lililonse yankho linali lomwelo, mpaka a Chimphonda anangomusiya.

Kenaka Dausi anafunsira mbeta, dzina lake Esinati. Mayi a mtsikanayo, a Nankhoma, anatumiza mawu kudzera kwa ankhoswe: "Ukwati uchitika nyumba ikaima pakhomo pano. Si paja akuti ndi mmisiri?"

Dausi anapinda malaya. Njerwa pa njerwa, mbali zonse, osasiya mpata. Khoma litafika m'chiuno ankalidumpha, litafika m'khosi anakabwereka makwerero. Munthu wamkulu, ndevu pepeya, kulowa m'nyumba yake ngati nyani, koma mutu osagunda!

Esinati atabwera ndi thobwa, anazungulira nyumbayo n'kuima.

"A Dausi, nanga tizilowera pati?"

"Iwe, za umisiri uzidziwira kuti? Kuntchito chitseko timaika pomalizira. Ndadziwa kale."

A Nankhoma ankaziona zonsezi ali pakhonde pawo, koma mkamwini sadzudzulidwa ndi apongozi maso ndi maso. Anangogwira pakamwa.

Dausi anakhoma malata, n'kukagula chitseko chokongola chopaka vanishi. Anachikhomera pakhoma ndi misomali ya simenti, mahinjesi ake bwinobwino. Chinkatseguka, ndikukuuzani.

Tsiku loonetsa nyumba linafika. Ankhoswe anabwera, amayi nthungululu lululu! Dausi anagwada chapatali n'kunena, "Apongozi ayambe ndiwo kulowa."

A Nankhoma anakonza chitenje, anakoka chitseko, n'kuponya phazi. Chipumi pa njerwa, gu! Duku linagwera uko.

Nkhoswe wina anathamangira kuseri, poganiza kuti mwina khomo lenileni lili kumeneko. Anatulukira mbali inayo akupukusa mutu.

Mukuganiza kuti Dausi anachita manyazi? Anasisita khomalo monyadira.

"Koma taonani kulumana kwake, akuluakulu. Muno ngakhale nyerere singalowe."

"Zoona," anatero Esinati, akutola duku la mayi ake. "Ngakhale mkazi sangalowe."

Za ukwati zinathera pomwepo. Chaka chisanathe, Esinati anakwatiwa ndi mmisiri wina wa pa kampani yomweyo, amene sankajomba phunziro la m'mawa. Ameneyo ndiye anabwera ndi hamala kudzaboola khomalo, n'kulowamo.

Tsono iwe ukuseka kumbuyokowe, dzulo ndikuonetsa kuika felemu ya chitseko unati chiyani? Eya, mawu omwewo. N'chifukwa chake akulu amati: Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.