Khosi lopotoka pa ubatizo wa Wongani

Linali Loweruka, nthawi itangokwana 2 koloko masana, pamene ndinakhala pamkeka pakhomo pa Anti Eneless ku Biwi kuno n'kuwapatsa mutu wanga mwaulemu wonse. Ndikanadziwa, bwenzi nditangometa mpala.

Mawa lake kunali ubatizo wa mwana wanga Wongani, ndipo apongozi anga aakazi anali m'basi kuchokera ku Rumphi. Ine kwathu n'ku Thyolo, sukulu ndinalekezera sitandade 6, ndipo pa ukwati wathu mayiwa sanabwere (anati miyendo ikuwavuta, koma ine mumtima ndinati sakundifuna basi). Ndiye aka kanali koyamba kuti andione. Ndinkafuna akabwerere kwawo akunena kuti mwana wawo sanatole mkazi panjira.

Anti Eneless ndi amene amaluka tsitsi pafupifupi mzere wathu wonse. Atandiyang'ana mutu anati, "Iwe make Wongani, zoluka wambazi zinatha fasho. Ndikupota twisti. Apongozi akowo aziyesa wachokera ku Joni."

Kapotedwe kake, amatenga meshi, tsitsi logula lija, kuigawa pawiri, kuipiringiza patsinde pa tsitsi, kenako n'kumapota mpaka kunsonga. Zinandikumbutsa amalume anga akupota chingwe cha khonje pantchafu. Kusiyana kwake n'koti khonje samva kuwawa.

Anayambira kumanzere. Chingwe choyamba chomwe, nsidze yanga inakwera m'mwamba osatsikanso.

"Zikuwawa?"

"Ayi, zili bwino."

(Matenda anga ndi amenewa. Ine ngakhale kondakitala andipitirize siteji, ndimatsika komwe waimako n'kumuthokoza.)

Anti anapota, napota, uku akundisimbira za anthu onse a m'Biwi. Diso lakumanzere linayamba kutuluka misozi lokha. Atangomaliza mbali imeneyo, foni yawo inalira. Mng'ono wawo, yemwe anali woyembekezera, matenda anali atamuyamba ndipo achibale ankathamanga naye kuchipatala ku Likuni.

"Ndibwera madzulo tidzamalize, usadandaule!" Anatero ali kale pakabaza.

Madzulo anafika, Anti sanafike. Mutu wanga kumanzere unali wa ku Joni, zingwe zonyezimira mpaka m'mapewa. Kumanja kunali tsitsi langa lenileni, lopesedwa, litaima njo ngati tsache lotha.

Bambo a Wongani atandiona anayamba atuluka kaye panja kukaseka, kenako anabwera n'kunena kuti, "Tangomasula basi."

"Nanga Anti akabwera n'kupeza ndamasula ntchito yawo, adzamva bwanji?"

"Mutuwo ndi wa ndani kodi?"

Sindinamasule. Pogona ndinalephera kutsamira mbali yopotedwayo, ndiye ndinagona chafufumimba, tsaya lakumanja pansi, nkhope kumanzere. Kutacha ndinadzuka ine, koma khosi linatsala momwemo. Ndikati ndiyang'ane kutsogolo, ululu unkachita kundibaya mpaka kumsana.

"Ungowauza amama zoona," anatero bambo a Wongani.

"Chonde musawauze. Ndagwira mwendo wanu."

Ndinatenga chitenje chatsopano kuti ndimange duku. Ndinachipinda, kuchizunguliza, kuchizungulizanso, kupota nsonga zake n'kuzisomeka, mpaka mbali ziwiri za mutu zinafanana. Pagalasi ndinkadziona ndi diso limodzi ndipo ndinakhutira. Chimene sindinaone n'chakuti nsonga ina inatsala ikulendewera kuseri kwa khutu lakumanja, kumene maso sankafikako.

Apongozi anagona kwa alamu anga ku Area 25 ndipo anafika kwathu m'mawa. Ndinagwada patali kuti ndiwalonjere. Thupi linaloza kwa iwo, nkhope inaloza kukhoma.

"Mwayenda bwanji, amama?" ndinafunsa khomalo.

Ndinangomva akuwomba m'manja. "Ehe! Ulemu ndi umenewu. Atsikana a masiku ano amakuyang'ana m'maso ngati apolisi. Dzuka, mkamwana." (Ndi mmene amatchulira mkazi wa mwana wawo kwawoko.)

Mtima unakhala pansi. Ndinafika poganiza kuti khosili landichitira zabwino.

Amene amadziwa Biwi akudziwa kuti njira zake n'zokhotakhota: apa ukhote pa mpanda, apo uzungulire ngalande, uko upatukire wakabaza. Ine ndinkayenda chammbali ngati nkhanu, Wongani kumbuyo. Kokhota kumanzere ndinkakhota bwinobwino. Kokhota kumanja ndinkangomva bambo a Wongani akundikoka mkono.

Vuto lenileni linayamba titalowa m'tchalitchi. Kumpingo kwathu amayi amakhala kumanja, abambo kumanzere. Muganize nokha kumene nkhope yanga inaloza. Nyimbo yoyamba ndinaimbira azibambo. Pemphero ndinatsinzina, ndiye zinabisika. Koma pa ulaliki wonse maso anga anali pa mkulu wina wa mpingo wovala magalasi. Poyamba anandigwedezera mutu. Kenako anakonza tayi. Kenako anayang'ana kumbuyo kwake kuti mwina ndikuyang'ana wina. Pamapeto pake anatsegula Baibulo n'kubisa nkhope.

Kumbuyo kwanga manong'onong'o anayamba. "Taonani make mwanayo. Mwamuna ali pomwepo, apongozi ali pomwepo, koma maso kwa eni ake."

Apongozi anali atakhala kumanzere kwanga. Anandigunda ndi chigongono. "Mkamwana, abusa ali kutsogolo."

Ndinati ndikonze zinthu. Popeza khosi lakana, ndinatembenuza thupi lonse kumanja kuti nkhope ilunjike kuguwa. Abusa ndinawaonadi. Koma tsopano apongozi ndinali nditawafulatira, msana wonse kwa iwo. Ndinamva akupuma mwamphamvu, ndipo ndinadziwa kuti ulemu uja wathera pomwepo.

Nthawi ya ubatizo inakwana. Tinaima kutsogolo, ine ndi bambo a Wongani, mwana ali m'manja mwanga. Mafunso a abusa ndinayankha ndikuyang'ana zenera. Wongani, yemwe ankaona zimene amake sankaziona, anali atagwira kale nsonga ija. Abusa atamulandira n'kuyamba kupita naye pomwe panali madzi, mwanayo anapita nayo nsongayo.

Ndinamva duku likusuntha. Apa munthu wanzeru akanangoti, "Dikirani kaye, abusa." Mawu atatu okha. Ine ndinaona kuti kuimitsa abusa pamaso pa mpingo n'kupanda ulemu. Ndiye ndinati nditsatire nsaluyo. Iyo ikumasuka, ine ndikuzungulira nayo. Madzi atamukhudza pamutu, Wongani anadzipotokola ngati mlamba n'kukoka ndi mphamvu zonse. Ndinazungulira ngati nguli, ndipo pomwe ndinkaima n'kuti ndikuyang'ana mpingo, chitenje chonse chili m'manja mwa mwana.

Kenako kamwana kena kanafuula kuti, "Amayi, anti aja ali ndi mitu iwiri!"

Akwaya ndi amene anayamba kuphulika. Ine podzidzimuka ndinacheuka mwamphamvu kuti ndithawitse nkhope, ndipo khosi linangoti khwa! n'kuwongoka. Linasankha nthawi yabwino, chifukwa tsopano ndinkatha kuona aliyense amene ankaseka, kumanja ndi kumanzere komwe.

Apa ndinaona apongozi akudzuka. Ndinati basi, akutuluka, ukwati wanga wathera pa guwa. Koma analunjika kwa ine, pang'onopang'ono, akutsimphina. (Ndi pomwe ndinadziwa kuti za miyendo zija sananame.) Anavula chitenje chomwe anafunda m'mapewa, anandizunguliza nacho kumutu kawiri, n'kumanga mfundo imodzi yolimba.

"Pitirizani, abusa," anatero. "Tabwerera mwana, osati mutu wa amake."

Titafika kunyumba ndinagwada n'kufotokoza zonse, kuyambira pamkeka paja. Anandimvetsera nkhope ili gwa, mpaka ndinafika pa mkulu wa magalasi. Apo anagwira m'mimba, misozi ili chuchuchu.

"Ndiye ulemu wonse uja linali khosi?"

"Eya, amama."

"Ine ndimati mwana wanga wakwatira mkazi woyang'ana amuna m'tchalitchi! Ndinayamba kale kukonza zokanena ku Rumphi."

Anatenthetsa madzi n'kundithowa khosi ndi kansalu, uku akusekabe. "Mkamwana, pakamwa si podyera pokha. Chinthu chikamawawa, nena. Ukanati 'zikuwawa' dzulo, lero bwenzi tikukamba za mwana."

Ndinalonjeza kuti ndasintha, ndipo ndinkanena zochokera pansi pa mtima.

Lolemba m'mawa Anti Eneless anatumiza uthenga kuti mng'ono wawo wachira bwino, kwabadwa mwana wamkazi, ndiye ndipite tikamalize. Apongozi anati andiperekeza kuti akaone manja amene anachita zimenezi. Njira yonse ndinkayeserera chamumtima: zikuwawa, Anti, zikuwawa, Anti. Pokhota paliponse ndinkabwereza.

Ndinakhala pamkeka. Apongozi anakhala pampando, Wongani ali pamiyendo. Anti anagawa meshi, anapiringiza, anapota. Nsidze yakumanja inakwera kukapeza inzake.

"Zikuwawa?"

Ndinatsegula pakamwa. "Ayi, zili bwino."

"Akunama ameneyo," anatero apongozi, osakweza n'komwe mutu. "Zikumuwawa. Masulani muyambirenso, ndipo muzifunsa ine. Ameneyu ndi mwana wanga, ndamudziwa."