Sabata Imene Ndinafufuza Apongozi Anga

Lolemba

Lero ndayamba maphunziro a utolankhani wofufuza. Ine amene! Munthu wongodzipereka pa wailesi yathu ya m'dera, wowerenga mauthenga a maliro ndi a mbuzi zosokera, lero ndakhala pa mpando wofewa mu holo ya loji ina ku Nkwali, botolo la madzi patsogolo, baji pachifuwa. Dzina alilakwitsa koma palibe kanthu.

Mphunzitsi wathu ndi Madamu a ku Lusaka, aafupi, mawu ngati a sajeni. Akuti kuli lamulo loti munthu aliyense, ngakhale wopanda nsapato, atha kupita ku ofesi yogwira ntchito za anthu n'kunena kuti ndionetseni mapepala. Ndipo a mu ofesiwo ayenera kuyankha! Zaka zonsezi ine ndakhala ndikuvula chipewa pakhomo pa ofesi ngati ndabwera kudzapempha mchere.

Malamulo a Madamu, ndawalemba ndi zilembo zazikulu:
- Munthu muyang'ane m'maso.
- Funso lilunjike, osazungulira.
- Osadya chakudya cha amene ukumufufuza.
- Nkhani imveke mbali zonse.

Pofika Lachisanu aliyense abweretse nkhani yake. Yanga ndili nayo kale. Kwathu ku Kakumbi tili ndi waya wa magetsi wotchinga njovu kuminda. Waya ulipo, sola ilipo, koma mabatire kulibe chiyambire mvula. Chimanga chayamba kukhwima, ndipo njovu siziiwala nyengo. Sabata yatha zinaseseratu munda wa kumapeto. Wotsatira ndi wathu. Wina anadya mabatire amenewa, ndipo ndimugwira!

Mabvuto, mnzanga wa pa wailesi, wasankha nkhani ya zimbudzi za pamsika. Munthu wopanda masomphenya.

Lachiwiri

Madamu akuti choyamba pezani amene amasunga mapepala a nkhani yanu. Ndatsegula kope mwachangu, cholembera m'mwamba, kenako ndakumbukira.

Tcheya wa komiti ya waya ndi apongozi anga. Amayi ake enieni a amake Dali, mkazi wanga. Dzulo ndinaiwala bwanji zimenezi? Ndi masamusa amene anatipatsa ku loji aja.

Ine ndine mkamwini. Nyumba ili pa malo awo. Munda ndi wawo. Chikwatire sindinawayang'anepo kumaso, tikakumana panjira ndimapatukira m'tchire, mawu anga amawafika kudzera mwa amake Dali. Mkamwini mnzanga wa nyumba ya kumtunda anangowayankha molakwika kamodzi pa nkhani ya nkhuku, mawa lake tinamuona akumangirira matilesi pa njinga. Tsono ine ndikawafunse kuti mabatire munagulitsa kwa yani? Ndikafunsa, pamudzi ndichoka. Ndikapanda kufunsa, njovu zidya chimanga chonse.

Koma mtolankhani sabwerera m'mbuyo! Ndayamba ndi lamulo lomwe ndingathe, losadya za amene ukumufufuza. Madzulo ndakana chakudya chifukwa ufa ndi wa m'nkhokwe mwawo. Amake Dali: "Mwakhuta za ku loji eti? Mawa mukagonenso komweko."

Ndapirira, ndangotafuna mtedza womwe unali m'thumba la jekete. Nditameza ndiye ndakumbukira kuti mtedzawo ndi wa m'munda mwawo.

Lachitatu

M'mawa uno mapazi a njovu m'mphepete mwa munda wathu. Zangodutsa, zathyola mapesi pang'ono, ngati munthu wolawa ndiwo zisanapse.

M'kalasi ndaimika dzanja, ndafotokoza vuto langa. Holo yonse kuseka, wina mpaka kutsamwa ndi madzi. Madamu sanaseke. Akuti ndachita bwino kunena, mtolankhani akakhala pa ubale ndi amene akumufufuza aziulula, ndipo nkhani azipereka kwa wina. Ayang'ana uku ndi uku. Asankha Mabvuto.

Mabvuto! Wa zimbudzi!

Masana wapita kwathu, baji pachifuwa, tayi m'khosi. Ine ndikuonerera kuseri kwa khola. Wafika, wawayang'ana apongozi m'maso monga tinaphunzirira, watsegula pakamwa. Iwo amutsogolera: "Ndiwe mwana wa yani iwe?" Posakhalitsa apeza kuti agogo ake a ku Malama anavinidwa nawo limodzi. Basi, nkhani yathera pomwepo. Mtolankhani wamkulu wavula tayi, watunga madzi, wakonza chitseko cha khola la nkhunda, wabwerera ndi dzungu pamutu. Funso ngakhale limodzi sanafunse.

Ndamuimbira foni Madamu pomwepo. Apuma mozama: "Chabwino, yesani nokha. Koma musamale."

Nkhani yabwerera kwa mwini wake! Ndadya chakudya chamadzulo mbale ziwiri, lamulo lija ndaliimitsa kaye.

Lachinayi

Tsiku lalikulu. Kufunsa apongozi, mwaulemu koma mopanda mantha. Dongosolo lake:
- Ine kuseri kwa nkhokwe, msana kwa iwo.
- Iwo pa mphasa, akusenda nyemba.
- Amake Dali pakati, kunyamula mafunso ndi mayankho.

Funso loyamba ndanong'oneza: "Kawafunseni, mabatire anapita kuti?" Amake Dali andiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, apita, agwada: "Amayi, akuti mwaswera bwanji."

Yankho labwera. Aswera bwino.

Lachiwiri: "Ndikufuna kuona mapepala a komiti." Lafika kwa iwo ngati: "Akuti bondo lija linasiya kupweteka?"

Aaa, iai! Chonchi chimanga chitha tikupatsana moni. Ndatsokomola, ndayang'ana nkhokwe, ndaifunsa nkhokweyo mokweza: "Kodi mabatire a waya wa njovu ali kuti? Anthu akuti anagulitsidwa."

Nyemba zasiya kugwa m'lichero. M'maganizo ndikuona kale matilesi anga ali pa njinga.

Kenako apongozi atembenukira kwa mbuzi yomangidwa pa mtengo. "Iwe mbuzi, kawauze eni mafunso kuti mabatire anatengedwa ndi anyamata a ku ofesi ija inatiikira waya, ati akawakonze ku boma. Ndapitako pa lole, ndapitakonso, amangoti bwerani mawa. Kuchitsime anthu sandipatsanso moni, akuti ndinagulitsa. Lero ndamva kuti mawuwo alowa ndi m'nyumba mwanga momwe."

Mawu omalizawo andilasa. Ndachita manyazi kwambiri, osati pang'ono. Mayi wamkulu wakhala akunenedwa nyengo yonse ya mvula, ine ndili pomwepa, ndikudya zake, ndikumuganizira zomwezo.

Nanenso ndayankhula ndi mbuzi. Ndaiuza za lamulo lija, kuti ku ofesi tsopano sangangokubweza ndi pakamwa, ukapempha mapepala ayenera kukuonetsa kapena kukana polemba. Mbuzi ikungotafuna chingwe.

Apongozi: "Mbuzi, uwauze apeze njinga yamoto. Mawa m'mamawa."

Sanandithamangitse! Nkhani yanga ya tcheya wakuba yafa, koma ndikadali pamudzi.

Lachisanu

Lero ndi tsiku lopereka nkhani ndi kulandira masetifiketi ku Nkwali. Ine ndili pa njinga yamoto ya ku wailesi, ulendo wa ku boma. Kakhalidwe kake: ine kutsogolo, amake Dali pakati, apongozi kumbuyo chammbali, ambulera m'manja. Msewu maenje okhaokha. Kumbuyo: "Auzeni achepetse." Pakati: "Akuti chepetsani." Njira yonse.

Ku ofesi kalaliki sanadzutse ndi mutu womwe: "Abwana ali pa miting'i. Bwerani Lolemba."

Chipewa sindinavule. Ndaimirira mowongoka, baji poonekera: "Ndikupempha kuona pepala losonyeza kumene mabatire a waya wa ku Kakumbi anapita. Lamulo likundilola. Mukakana, mukane polemba, dzina lanu pansi."

Mutu wadzuka! Cholembera chamugwa. "Khalani pa benchi apo, tifufuze failo."

Mawu ochepa chabe ngati amenewa, munthu n'kukupatsa benchi. Ndikanadziwa kale!

Tadikira. Failo sikupezeka. Amake Dali apita kukagula vitumbuwa kumsika. Tatsala awiri, ine kumapeto kuno kwa benchi, apongozi kumapeto uko, aliyense akuyang'ana khoma lake.

Malaiti azima. Kompyuta ya kalaliki yafa, aliyense akudandaula za kutentha. Koma chitseko cha abwana chili chotseguka pang'ono, ndipo m'katimo feni ikuzungulirabe. Kafiriji kakulirabe. Ndatsatira chingwe ndi maso mpaka pansi pa tebulo. Mabatire akuluakulu akuda, olembedwa ndi penti yachikasu kuti WAYA WA NJOVU.

Amake Dali kulibe. Mbuzi kulibe. Nkhokwe kulibe.

Ndatembenuka. Ndawayang'ana apongozi m'maso, koyamba chikwatire. "Amayi, mabatire anu ndi awo."

Maso awo ndi a Dali enieni, sindinkadziwa. Andiyang'ana, ayang'ana feni, apinda ambulera. "Tiyeni."

Abwana sali pa miting'i, akumwa zoziziritsa kukhosi. Ndagwira foni m'thumba kuti ijambule mawu, ndafunsa molunjika: "Mabatire a anthu a ku Kakumbi akutani pansi pa tebulo lanu?"

"Tikuwayesa ngati akugwira bwino."

"Chiyambire mvula?"

"Kuyesa kumafuna nthawi, bambo."

Apongozi sanatsutse. Angoyala chitenje pakati pa ofesi, akhala pansi, atambasula miyendo. Akuti adzuka akamva tsiku lomwe mabatire afike kumunda. Amake Dali alowa ndi vitumbuwa, akhalanso pomwepo. Anthu a pa benchi adzaza pakhomo. Abwana thukuta kamukamu, azimitsa okha feni: "Mawa, amayi. Ndi galimoto ya ofesi."

Chigonjetso! Panja ndatulutsa foni kuti ndimve mawu a abwana. Palibe. Ndinadina tochi. Nthawi yonse ija foni yanga imaunikira m'thumba.

Loweruka

Galimoto yafikadi! Mudzi wonse kumunda. Anyamata a ku ofesi akulumikiza mawaya osayang'ana munthu kumaso, ngati nawonso ndi akamwini.

Kabokosi kayamba kulira, tiki, tiki, tiki. Wina akuti tidziwa bwanji kuti moto ulimodi? Onse andiyang'ana ine, ati wofufuza ndi inu. Ndatenga udzu wauwisi, ndagunditsa pa waya. Mayo! Dzanja lonse mpaka m'mano. Ndadumpha, nsapato yatsala pomwepo. Nthungululu munda wonse. Amayi aja osapereka moni kuchitsime ndiwo akuvina patsogolo, akuwakupiza apongozi ndi zitenje. Anthu!

Masana foni ya Madamu, omwe ndinawafotokozera zonse dzulo ndikadali ku boma. Zomwe anena:
- Ndachita ntchito yabwino, anaitchula m'kalasi dzulo. (Abwereza kawiri, ndinawapempha.)
- Setifiketi yanga apita nayo ku Lusaka mwangozi, adzaitumiza pa basi.
- Pepala lija ndipitirize kulifunsa, mabatire kubwera sikuti funso layankhidwa.
- Popeza mawu sindinajambule, ndipo tcheya ndi apongozi anga, amene akawafunsenso abwana aja ndi kuwerenga nkhaniyi pa wailesi ndi Mabvuto.

Mabvuto wabwera kudzatenga zonse zomwe ndinalemba. Akuti, "Usadandaule mwana, ndikutchula." Wanyamulanso dzungu lina.

Lamulungu

M'mawa ndathamangira kumunda. Mapazi a njovu afika pa waya, apondaponda pamenepo, atembenuka kubwerera kumtsinje. Zasiya ndowe mulu waukulu, kusonyeza maganizo awo. Chimanga chili chilili, phesi lililonse.

Nkhani yatuluka pa wailesi tisanapite ku tchalitchi. Dzina la Mabvuto koyambirira, pakati, ndi kumapeto. Ine ndine "munthu wina wa m'deralo." Nditani nanga. Setifiketi ili ku Lusaka, nkhani ili kwa Mabvuto, dzanja likadali dzanzi.

Ku tchalitchi, nthawi ya zolengeza, apongozi aimirira. Ine ndawerama monga mwa masiku onse. Athokoza Mulungu chifukwa cha waya, kenako akuti komiti yagwirizana kuti mapepala ake onse azisungidwa ndi munthu wodziwa lamulo, kuti wina asadzanenedwenso za kuba popanda chifukwa. "Aliyense wofuna kuona pepala lililonse, asaope, nthawi ina iliyonse apite kwa mwana wanga uyo wakhala kumbuyoyo."

Ndacheuka kuona mwana wawoyo. Kumbuyo kwanga kuli khoma.

Sanati mkamwini. Ati mwana wanga, pamaso pa mpingo wonse. Misozi yanditsika, ndanamizira fumbi, amake Dali anditsina pa ntchafu kuti ndiimirire.

Ntchitoyi ilibe malipiro. Mapepalawo andibweretsera masana m'thumba la feteleza, ena odyedwa ndi chiswe, ena omatana ndi mvula. Ndisanamasule n'komwe, pakhomo pafika abambo ena achikulire, chipewa chili kumutu, akufuna kuona pepala la mapolo a waya omwe anagulidwa chaka chatha. Ndatsala pang'ono kunena kuti bwerani mawa. Ndameza mawuwo, ndawapatsa mpando, ndakhuthula thumba lonse pa mphasa. Tikufufuzabe.